Mayina Ofukulidwa M'manda

Mwa opanga njinga zamoto mwalowa mzimu wofukula manda, pakuti mayina amene makolo athu anawaona akutsikira kuli chete, lero aukitsidwa ngati mafupa a m'chigwa cha Ezekieli, navekedwa chitsulo chonyezimira. Kampani ya Indian, imene inayamba mu 1901 ku Springfield, ku America, inaleka kupanga njinga mu 1953, ndipo dzina lake linayendayenda m'manja mwa ambiri kufikira a Polaris analigula mu 2011. Triumph ya ku England inagwa mu 1983, John Bloor natola dzinalo, namanga fakitale yatsopano ku Hinckley. BSA ya ku Birmingham, imene inazilala zaka makumi anayi ndi mphambu, inatengedwa ndi a Mahindra a ku India mu 2016. Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa, koma amalonda awa apeza kuti dzina lakale, likapukutidwa bwino, limakwera mtengo kuposa latsopano.

Kukongola kwa njinga zazikuluzi sindikukana. Aliyense amene anaimapo pa Nyimba, pomwe amayi amayala nthochi m'mphepete mwa msewu wa Great East, namva injini yaikulu ikugunda kuchokera kumbali ya mlatho wa Luangwa, adziwa chimene chimaimitsa anyamata kukamwa kuli yasa: wokwerayo akhala pansipansi, miyendo atatambasulira kutsogolo, manja atatansa, osafulumira konse, ndipo malonda onse amayamba aima kufikira atapitirira. Injini ya Triumph Rocket 3 ndi ya 2,458cc, yoposa ya magalimoto ambiri onyamula anthu pa boma la Petauke.

Koma ipatutseni njinga imeneyo pa phula, muilozetse kwa Nyalugwe kapena kwa Luembe mvula itagwa usiku wonse, ndipo ulemerero wake udzathera pa khwawa loyamba. Pakuti mimba yake ili pafupi ndi nthaka, kulemera kwake ndi makilogalamu pafupifupi 300, ndipo ikagona m'matope sidzuka popanda kuitana amuna a m'mudzi. Imene imanyamula mayi woyembekezera pakati pa usiku kumka naye ku chipatala cha Minga, imene imasenza thumba la feteleza kumbuyo ndi nkhuku zolendewera kutsogolo, imene imafikitsa mlangizi wa zaulimi kumene galimoto silifika, ndi kanjinga ka 100cc kapena 150cc, ka Bajaj Boxer kapena ka TVS, kamene odzikuza amakayang'ana ndi diso la chipongwe.

Tsono imvani chimene chandichititsa kulemba. Amene anaombola dzina lomveka la Norton mu 2020, atalipira mapaundi 16 miliyoni, ndi a TVS omwewo. Amene akhala akupangira Triumph njinga ya Speed 400 kuyambira mu 2023 ndi a Bajaj omwewo; ngakhale Harley-Davidson ya ku Milwaukee, mfumu ya njinga zazikulu, inapita kwa a Hero kuti aipangire X440. Chuma chimene chinapatsa makampani a ku India mphamvu yotere chinachokera m'tinjinga tating'ono togulitsidwa miyandamiyanda ku India ndi kuno ku Afirika. Motero mnyamata wodikira okwera pa mphambano ya Petauke, dzuwa likumuwotcha paphewa, ali nalo gawo pa kuuka kwa Norton, angakhale sadzaikhudza ndi chala chomwe.

Ngati tili ogula olemekezeka chotero, bwanji tikhala ngati opemphetsa? Tcheni chikaduka, mwini njinga agula chachinyengo pamsika, chimene chitha mwezi usanathe, chifukwa chenicheni achifuna ku Chipata kapena ku Lusaka, kumene kuli makilomita ngati 400 kuchokera ku Petauke. Ambiri akwera atatu mutu uli pamtunda, ndipo amene aphunzitsidwa kuyendetsa aphunzitsidwa ndi mnzawo pabwalo la mpira. Ine nditi ogulitsa njinga akakamizidwe kupereka zipewa zolimba ziwiri pa njinga iliyonse, atsegule mashopu a zitsulo zenizeni ku Petauke ndi ku Nyimba, aphunzitsenso amakaniko athu. Ndipo a RTSA, oyang'anira za pamsewu, azidza okha m'maboma muno masiku oikika kudzayesa oyendetsa ndi kuwapatsa malaisensi pa mtengo umene mnyamata wa kumudzi angaukwanitse.