Tsiku Limene Akatswiri Anakhala Chete

Mwezi uno tipite ku maiko ozizira kumene mapiri amakutidwa ndi chipale chofeŵa. Chipalecho chimaunjikana m'magawo, lina pamwamba pa linzake. Gawo lapansi likakhala losalimba, lapamwamba limang'ambika ndi kutsetsereka lonse nthaŵi imodzi, monga achitira napolo kwathu kuno. Azungu amati avalanche. Kaŵirikaŵiri zimachitika pa mtsetse wa madigiri 30 mpaka 45, ndipo pa ngozi zambiri zopha anthu, woyambitsa amakhala wofayo kapena mnzake wa paulendo, chifukwa kulemera kwa munthu mmodzi kumakwanira.

Pa 19 February 2012, anthu 16 anakwera kukatsetsereka pa chipale ku Tunnel Creek, pafupi ndi Stevens Pass m'chigawo cha Washington ku America. Sanali ana ayi. Ambiri anali akatswiri, ena odziŵa phirilo ngati bwalo la kwawo. Chipale chatsopano chinali chitagwa chambiri, chenjezo linali litaperekedwa, ndipo ena mwa iwo mtima unkawagunda poona kukula kwa gululo. Koma pamwamba paja panalibe woimitsa anzake kuti akambirane. Chipale chinagumuka, ndipo amuna atatu anafa.

Timati mutu umodzi susenza denga, ndipo nzoona. Koma apa mitu inalipo yambiri, uliwonse nkumayesa kuti unzake ndiwo wasenza. Ine zotere ndimaziona m'kalasi: mwana wanzeru akalakwa samu pa bolodi, anzake amene aona cholakwacho amangoyang'ana pansi. Ngakhale m'bwalo la akulu a mpingo, ndivomere, ndinakhalapo chete chifukwa wolankhulayo anali wamkulu kwa ine.

Chovuta china nchakuti phiri silidzudzula msanga. Munthu angadutse pamalo oopsa kakhumi osaona kanthu, nayamba kuutcha mwayi wake luso. Ku Ulaya chenjezo lili ndi magawo asanu, koma ambiri amafa pa gawo lachitatu, pamene ngozi ilipo koma sikuoneka ndi maso.

Nchifukwa chake aphunzitsi a zamapiri amalangiza kuti pamalo okayikitsa adutse mmodzimmodzi, ena akuyang'anira pabwino, ndi kuti aliyense anyamule fosholo, ndodo yofufuzira ndi kawailesi kolozera pamene wakwiririka. Wofukulidwa m'mphindi 15 zoyamba kaŵirikaŵiri amapezeka wamoyo. Kupitirira theka la ola, ambiri mpweya umakhala utawathera. Amalangizanso kuti mmodzi yekha akakana, ngakhale akhale wamng'ono m'gulumo, onse abwerere.