Komiti singayang'anire chimene singathe kuwerenga

Nkhani ya makomiti oyang'anira sukulu za sekondale ndi nkhaninso ya chilankhulo.

Mu 2022 boma la Zambia linakweza ndalama za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zina mwa ndalamazi zimamangira makalasi. Ku Malawi nako, ma CDSS ambiri amayang'ana ku thumba la dzina lomweli. Komabe mgwirizano wa kontrakitala, mndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake, ngakhale chikalata chovomereza kuti ntchito yatha, kawirikawiri zimalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri.

Mayi wosankhidwa ndi makolo anzake amadziwa mtengo wa thumba la simenti, ndipo amazindikira mchenga ukachuluka m'matope omangira. Nzeru ali nazo. Chomutchinga ndi pepala. Amasaina osamvetsa, ndipo khoma likang'aluka mvula yoyamba, chala chimaloza iye.

Ena amati ntchito ya zomangamanga ilibe mawu m'Chichewa. Nanga amisiri athu amalangizana m'chilankhulo chanji? Maziko, njerwa, mitanda, malata: mawu onsewa alipo.

Choncho ntchito iliyonse ya ndalama za boma izikhala ndi tsamba limodzi m'chilankhulo cha makolo, lomatidwa pakhomo la ofesi ya mphunzitsi wamkulu: ndalama zonse, zolipiridwa kale, matumba a simenti ndi tsiku lomaliza ntchito. Popanda tsambali, komiti isasaine.