PAKHONDE: Makina Akale a Matepi ndi Mawu Amene Akuwadikira

Mwezi uno tikambirane za chipangizo chimene ambiri a inu ana simudachionepo, ngakhale kuti agogo anu ena adamvapo mawu awo akutuluka m'menemo, nagwira pakamwa. Ndikunena makina ojambulira mawu a magudumu awiri, aja onyamula ndi lamba paphewa, amene adalipo kaseti isanafale. Tepi yake sikhala m'kabokosi kotseka ngati ya kaseti ayi. Imakulungidwa pa gudumu poyera, ndipo munthu amagwira nsonga yake ndi zala, naipititsa pa timitu tachitsulo, naikoleka ku gudumu lachiwiri lopanda kanthu. Akatero gudumu lina limamasula, linzake likukulunga, mawu nkumamveka.

Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu amene amasonkhanitsa makina otere monga ena amasonkhanitsira masitampa. Amawagula, amawapukuta, amawandandika pa mashelefu, nasinthana zitsulo zake zimene mafakitale adaleka kale kupanga. Ena mwa inu mudzati ndi masewera a anthu okhuta. Komatu pali chifukwa chimene ife a mpingo tiyenera kutcherera khutu, ndicho chakuti tepi yopanda makina ili ngati nyumba yokhoma imene kiyi wake adatayika. Kalata ya agogo mungathe kuiwerenga ndi maso anu ngakhale patapita zaka 100. Tepi ya agogo simungaimve konse popanda makina amoyo.

Tepiyo ndi kansalu kapulasitiki kopyapyala, m'lifupi mwake mamilimita 6.35, kopakidwa mbali imodzi fumbi la chitsulo chadzimbiri. Nchifukwa chake imaoneka yofiirira ngati dothi la katondo. Maikolofoni imasandutsa mawu kukhala mphamvu ya magetsi, mutu wa makina umasandutsa mphamvuyo kukhala maginito, ndipo fumbi lija likamadutsa pamutupo limasunga maginitowo monga mchenga wonyowa usungira mapazi. Nzeru imeneyi idachokera ku Germany. Fritz Pfleumer adalembetsa luso lake la tepi m'chaka cha 1928, ndipo m'chaka cha 1935 kampani ya AEG idaonetsa makina otchedwa Magnetophon pa chionetsero cha mawailesi ku Berlin. Koma makina oyambawo adali olemera, ofuna magetsi a pakhoma, kotero kuti woimba ndiye ankapita kumene kuli makina.

Kuti mumvetse vuto lake, taganizani za Hugh Tracey, amene adayendera dziko lino likadali Nyasaland m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, najambula nyimbo za bangwe, za malipenga ndi zina zambiri za makolo athu. Iye ankayenda ndi galimoto yonyamula injini yopangira magetsi, ndipo kumene msewu udathera ntchito inkavuta. Ngakhale zidali choncho, zimene adajambulazo zilipo kufikira lero ku International Library of African Music, nyumba imene adaikhazikitsa m'chaka cha 1954, imene tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. Oimbawo ambiri adagona kalekale, koma adzukulu awo angathe kumva m'mene ankakokera nsambo.

Amene adapeputsa katunduyu ndi Stefan Kudelski, mnyamata wa ku Poland amene banja lake lidathawa nkhondo m'chaka cha 1939, nakakhazikika ku Switzerland. M'chaka cha 1951, akadali wophunzira, adapanga makina aang'ono nawatcha Nagra, mawu a m'chilankhulo cha kwawo otanthauza kuti “adzajambula”. Makina oyambawo ankayenda ndi sipuling'i yopukusa ndi dzanja monga galamafoni. Nagra III idatuluka m'chaka cha 1958, yoyendera mabatire 12 a tochi, ndipo idakhala yokhulupirika kotero kuti opanga mafilimu ndi a nyumba za mawailesi pa dziko lonse adaidalira zaka zambiri. Mtengo wake udali wokwera. Atolankhani ambiri adanyamula Uher 4000 Report ya ku Munich, imene idayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1961: mabatire 5, kulemera kwake makilogalamu atatu kapena kuposerapo pang'ono, magudumu a masentimita 13. Kampani ya Philips itatulutsa kaseti m'chaka cha 1963, anthu wamba adayamba pang'onopang'ono kusiya magudumu, koma akatswiri adawakakamirabe chifukwa tepi yotakata ndi yothamanga imasunga mawu bwino koposa.

Tsono makina atakwera paphewa, zinthu zidatembenuka: makina ndiwo adayamba kupita kumene kuli woimba. Adafika pa bwalo la gule, pa mtondo pamene amayi amasinja, pansi pa mtengo pamene mkulu wa mpingo amaphunzitsa kalasi. M'chaka cha 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, najambula nyimbo zawo, ndipo zambiri zimene iye adajambula mu Africa zimasungidwa ku Vienna. Daniel adamwalira m'chaka cha 1987, Donald m'chaka cha 2001, koma gitala ndi chitoliro chawo zikumvekabe. Nayonso wailesi ya MBC, imene idayamba m'chaka cha 1964, inkasunga nyimbo za oimba athu pa matepi a magudumu. Ndipo pa ntchito ya Uthenga Wabwino tisaiwale bungwe la Gospel Recordings, limene mayi Joy Ridderhof adaliyambitsa ku Los Angeles m'chaka cha 1939. Antchito ake ankapita ndi makina a matepi kwa anthu opanda Baibulo m'chilankhulo chawo, najambula uthenga pakamwa pa eni chilankhulocho, kenaka nkuupanga mbale za galamafoni zotumiza kumidzi.

Pamenepa ndinene maganizo anga pa za osonkhanitsa aja. Sindiwadzudzula ayi, pakuti popanda iwo makina ambiri bwenzi atathera kudzala. Koma alipo a mitundu iwiri. Wina amakonda kunyezimira kwa chitsulo ndi dzina la kampani. Ali ndi makina khumi m'kabati yagalasi, safuna kuti wina awakhudze, ndipo mtima wake uli pa a khumi ndi chimodzi. Wina ali ndi makina awiri okha okalikakalika, koma amadziwa kusintha lamba, ndipo mayi wamasiye akabwera ndi tepi ya ukwati wake amakhala naye pansi madzulo onse. Wachiwiriyu ndiye ndimamuvulira chipewa. Chodabwitsa nchakuti makina a woyamba uja ndiwo amafa msanga. Malamba ampira a m'kati mwake akakhala zaka osazungulira amauma nathetheka, kapena amasungunuka nasanduka phula lakuda lomata, girizi amalimba, mabatire oiwalika m'mimba mwake amachucha nadya zitsulo. Makina amene amalizidwa kamodzikamodzi amakhalitsa kuposa amene adakwiriridwa m'kabati. Amene adaphunzira fanizo la matalente ku Sande sukulu sadzadabwa nazo.

Nawonso matepi sadikira munthu mpaka kalekale. Ambiri a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 adapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa acetate, imene ikakalamba imanunkha viniga, imakhwinyata ndi kuduka msanga. Mungaizindikire poyang'anitsa gudumu chammbali pa kuwala: kuwalako kumapyola. Matepi ena a m'ma 1970 ndi 1980 ali ndi nthenda ina. Ulimbo umene umamatira fumbi lija ku pulasitiki umamwa chinyezi nufewa, ndipo tepi yotere ikaikidwa pa makina imalira tswii, nisiya matope ofiirira pa mitu. Matope amenewo, abale, ndiwo mawu enieniwo akupalika, ndipo sabwereranso. Akatswiri amaumitsa tepi yotere maola ambiri m'ng'anjo yapadera ya kutentha kwa madigiri 50 kapena kuposerapo pang'ono, kuti ilire bwino kwa masiku owerengeka. Musayese zimenezi mu uvuni wa buledi kapena pafupi ndi mbaula, ndipo tepi ya acetate siumitsidwa konse. Kwathu kuno tionjezepo nkhungu ya m'nyengo ya dzinja, chiswe chodya mabokosi, ndi kutentha kwa denga lamalata m'mwezi wa Okutobala.

M'chaka cha 2019 bungwe la UNESCO pamodzi ndi bungwe la osunga mawu ndi zithunzi zakale lotchedwa IASA adachenjeza maiko onse kuti pofika cha m'ma 2025 makina olizira matepi, zitsulo zake ndi amisiri ake zidzakhala zosowa. Matepi atsopano akupangidwabe pang'ono ku France ndi ku America, koma makina onyamulika a mtundu uja ndi omwewo akale, ndipo amisiri amene adawadziwa ndi a imvi tsopano. Nchifukwa chake mnyamata kapena mtsikana wokonda zamagetsi, amene amathera nthawi kutsegula mafoni, angachite bwino kukhala pa mapazi a mkulu wokonza mawailesi wa pamsika uja asanatseke maso.

M'buku la Yoswa, mutu 4, timamva kuti Aisraele atawoloka Yordano adaimika miyala 12, ndi cholinga chakuti ana adzafunse tanthauzo lake, makolo nkupeza poyambira kufotokoza. Bokosi lachitsulo la magudumu awiri limagwira ntchito yomweyo m'nyumba. Mwana wa lero amene sacheuka ngakhale foni italira nyimbo chikwi amaima chilili akaona magudumu akuzungulira, ndipo amafunsa kuti akuyankhulayo ndani. Palinso phunziro lina. Gudumu la masentimita 13 la tepi wamba, lotalika mamita 180, limatha pa mphindi 16 zokha likamathamanga masentimita 19 pa sekondi, kapena pa theka la ola likamathamanga theka la liwirolo. Motero ojambula akale ankayamba akambirana ndi woyankhula, nagwirizana chimene chinenedwe, naletsa phokoso la nkhuku ndi ana, kenaka nkutsegula makina. Ife lero timajambula maola ambiri pa foni, koma ndi angati amene adakhazikapo pansi agogo awo ndi ulemu wotere, nawapempha kuti asimbe za ubatizo wawo, za njala ya 1949, kapena za ulendo wa ku Joni?

Tsono ngati m'chikuta cha malemu bambo, m'kabati ya ku vesitili, m'nyumba ya abusa kapena mu ofesi ya sukulu ya mishoni mwapezeka magudumu otere, choyamba musawataye, ndipo musalole ana kumasula tepi kuti amangire kaiti kapena kuopsezera mbalame kumunda. Aikeni choimirira monga mabuku, m'mabokosi ake, m'chipinda chozizira ndi chouma, kutali ndi zimkuzamawu zikuluzikulu, pakuti m'kati mwa zimenezi muli maginito. Mukapeza makina, musathamangire kuwalumikiza ku magetsi. Ena adachokera ku America, ndi a mavoti 110, ndipo magetsi athu a mavoti 230 adzawatentha nthawi yomweyo. Mmisiri ayambe wawatsegula, asinthe malamba, apukute mitu ndi thonje lonyowetsa mu sipiriti woyera, nayese ndi tepi yopanda ntchito.

Chenjezo lalikulu koposa ndi ili. Kaseti ili ndi kakhutu kumbuyo kamene mukakathyola sijambulikanso, koma tepi ya gudumu ilibe chitetezo chotere. Mukadina batani lojambulira, mutu wofufuta umayamba kugwira ntchito tepi isanafike pa mutu wolemba, ndipo ulaliki wa zaka 50 umafafanizika mwakachetechete inu mukumwetulira. Matani batanilo ndi pulasitala musanayambe. Mukamva abusa olemekezeka akuyankhula ngati kamwana, kapena kwaya ikubuula ngati ng'ombe, liwiro ndilo lalakwika; makina a Uher aja ali ndi maliwiro anayi, yesani lina. Mukamva mawu obwerera chammbuyo osakanikirana ndi abwino, musathamangire kuitana akulu a mpingo kuti m'tepi mwalowa ziwanda. Makina ena ankalemba mizere iwiri pa tepi, ena inayi, ndipo mukungomva mzere wa mbali inayo.

Tepi yokalamba ingathe kulira bwino kamodzi kokha, choncho tsiku loyamba kuiliza likhalenso tsiku loikopera. Lumikizani makinawo ku kompyuta ndi chingwe, osati kungoyandikiza foni pa chimkuzamawu, ndipo zimene mwakoperazo zisungidwe malo awiri osiyana, tepi yeniyeniyo osaitaya. Si zonse zoyenera kutumizidwa pa WhatsApp. Milandu ya banja ndi mawu otsazikira a wodwala ali ndi eni ake, ndipo afunsidwe kaye. Poliza, itanani achikulire a m'banja kapena a mumpingo akhale pomwepo, pakuti iwo okha ndiwo angazindikire kuti wotsogolera nyimboyo adali mayi uje wa kumudzi wakuti, ndi kuti tsikulo kudali kutsegulira tchalitchi. Wachinyamata mmodzi akhale ndi kope ndi pensulo, alembe maina, malo ndi chaka pamene akuluwo akutchula, ndipo pepala limodzi alipinde ndi kuliika m'bokosi la tepiyo.