Maliro Osalira a ku Chiromo

Kwathu kuno ku chigwa cha Shire, khanda likafa pobadwa kapena lisanatuluke m'chikuta sitilira maliro. Amai achikulire amakaliika mwakachetechete, ndipo timalitcha mtayo. Make amauzidwa kuti aumitse misozi, angadzaleke kubala. Tsono imfa imene sitiilira sitiifunsanso. Timangoti ndi tsempho, kaya bambo adayenda m'mbali, nkhani n'kuthera pomwepo.

Abale, kumeneku n'kudzinamiza. Mwana wobanika pobadwa ali ndi mphindi imodzi yokha yoti ayambe kupuma. Namwino amampukuta, namsisita pamsana, ndipo zikakanika amampopera mpweya ndi kachipangizo ka pamanja. Nanga mphindi imeneyo ikampeza mai ali m'bwato? Madzi osefukira a mu 1997 adadula njanji ndi msewu pakati pa Chiromo ndi Bangula, pamalo amene dzina lake lomwe ndi lochititsa nthumanzi, Mtayamoyo, ndipo kwa zaka zoposa 20 anthu akhala akuwoloka ndi mabwato. Atsogoleri amene adationetsa manja pamisonkhano namalonjeza mlatho ali ndi mlandu pa makanda amenewa. Mu Januwale 2015, ndiponso pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, midzi yambiri ya tsidya la kum'mawa idasanduka zilumba.

Komatu tisaloze boma lokha. Tikudziwa ndithu kuti Shire ndi Ruo amakwiya dzinja lililonse. N'chifukwa ninji tsono abambo ena amakaniza akazi ao kukadikira ku chipatala, monga ku Trinity ku Muona, mwezi wachisanu ndi chinai usanathe? Ati kumunda kutsala ndani, ati ufa wa kuchidikiro uchokera kuti. Mapira amadzalidwanso chaka chamawa.

Lipoti la mu 2012 lidaonetsa kuti m'Malawi ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane, kuposa dziko lina lililonse. Malungo a mai wapakati ndi chimodzi mwa zochititsa, ndipo udzudzu wa m'madambo a Elephant Marsh sitichita kuuzidwa. Chikhalirecho masikito ena amene amai adalandira ku sikelo tikuwaona akukokera nsomba! Kamwana konyentchera koteroko kangathe kukhala moyo kakafunditsidwa pachifuwa cha make usana ndi usiku, njira ya kangaru imene m'Malawi muno idakhazikitsidwa ku Zomba mu 1999. Chifuwa cha bambo nachonso chimafunda, koma ku wodi ya makanda abambo timangosuzumira pazenera.