Wodwala akatuluka m'chipatala, amamutsata ndani?

Aliyense amene anagonapo pa chipatala chachikulu cha Tete amawadziwa anyamata ndi atsikana ovala zoyera amene amayenda pambuyo pa dotolo, kabuku kali m'manja. Amenewa ndi ophunzira udotolo, ndipo yunivesite ya Zambeze ili ndi gawo lake la zaumoyo mumzinda womwewo. Amafunsa wodwala mafunso, amamvetsera m'chifuwa mwake, amalemba. Pakapita masabata ochepa amasamukira ku wodi ina. Wodwala uja amakwera chapa kubwerera ku Ulónguè, ku Tsangano kapena ku Furancungo, ndipo wophunzirayo samvanso ngati munthuyo anachira kapena anamwalira.

Ife tikuona kuti pamenepa pali vuto. Matenda ambiri amene amatisautsa satha tsiku limodzi. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa miyezi 6, a HIV moyo wonse. Munthu akasiyira panjira mankhwala a chifuwa chachikulu, tizilombo timatha kulimba kotero kuti mankhwala oyamba aja sagwiranso ntchito. Wophunzira amene anaona wodwala kamodzi kokha sangadziwe zimene zimasiyitsa munthu mankhwala: mtsinje wodzaza, kusowa ndalama ya ulendo, ntchito ya kumunda, manyazi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'maiko ena sukulu za udotolo zimalola wophunzira kukhala ndi mndandanda wa odwala ake pa kompyuta kapena pa selula. Akatsegula amaona zotsatira za magazi, tsiku limene wodwala ayenera kubweranso, ndiponso ngati anabweradi. Tsiku likadutsa munthu osaoneka, amauza dotolo, ndipo wodwalayo amaimbiridwa.

Maganizo otere si achilendo kwathu kuno. Ku Nampula, yunivesite ya Lúrio inayambitsa njira yoti wophunzira aliyense aziyendera banja limodzi pa zaka za maphunziro ake. Ku Inhambane ndi ku Cabo Delgado, alangizi a zaumoyo a m'midzi, aja tinazolowera kuwatcha ma APE, anapatsidwa maselula olembera odwala. Ndipo magulu a anthu omwa ma ARV otumana kukatenga mankhwala anayambira muno mu Tete m'chaka cha 2008. Tsono tikupempha akuluakulu a zaumoyo ndi a yunivesite kuti ophunzira athu nawonso apatsidwe zida zotsatirira odwala.

Koma pempho lathu lili ndi malire atatu. Choyamba, wodwala afunsidwe m'chinenero chake, ndipo akakana asamanidwe chithandizo. Chachiwiri, chinsinsi chisungidwe. M'mabanja ambiri selula ndi imodzi. Uthenga wotchula matenda ungathe kupasula ukwati. Woimba ayambe watsimikiza kuti akulankhula ndi mwini wake. Chachitatu, wophunzira sanafike pokhala dotolo. Asasinthe mankhwala a munthu pa foni popanda mphunzitsi wake kudziwa.

Nafenso a m'midzi ya m'malire tili ndi mbali yathu. Ambiri a ife lero tili ku Calómuè, mawa ku msika wa ku Dedza; mwezi uno nambala ya Movitel, mwezi wamawa ya ku Malawi. Kompyuta ya ku Tete siona zimene zalembedwa ku Ntcheu. Choncho popereka nambala ku chipatala, perekani imene imagwiradi, muonjezenso ya mbale amene mumamukhulupirira. Mukalandira mankhwala tsidya lina la malire, nenani poyera ndipo onetsani khadi kapena kabuku ka kumeneko, kuti musapatsidwe mankhwala awiri osagwirizana. Khadi la pepala musalitaye, pakuti netiweki imathawa ndipo batire imatha.

Wophunzira amene lero akuimba kufunsa ngati chifuwa chasiya, mawa adzakhala dotolo wa pa chipatala cha kwanu. Akaimba, muyankheni zoona.