Galimoto yamagetsi: tisakangane za dzina, tifunse za batire

Palibe malo amene Amalawife taphunzirirako za galimoto kuposa pamzere wa mafuta. Amene anagonapo pamzere mu 2011 ndi 2012, komanso mu 2022, akudziwa kuti munthu ukakhala tsiku lathunthu kudikira thanki yomwe sikubwera, aliyense amasanduka makaniko. Ndipamene ndinamvera koyamba abambo atatu akukangana za galimoto yoyendera magetsi.

Woyamba, amene anakhalitsa ku Mangalande, ankati galimoto yamagetsi yeniyeni ndi Tesla basi, zinazo n'zoseweretsa ana. Wachiwiri ankati Tesla n'njokwera mtengo mopanda chifukwa, BYD ya ku China ndiyo yoyenera thumba la munthu wamba. Wachitatu, mkulu wa imvi, anangogwedeza mutu nati iye adzafera pa Toyota, poti ikafa panjira ngakhale mnyamata wa pansi pa mtengo amaidzutsa.

Onse atatu anali ndi mfundo. Tesla ndiyo inaonetsa dziko kuti galimoto ya batire ingathe kuthamanga ndi kupita kutali, pamene inatulutsa Model S mu 2012. BYD nayo si yamasewera: mu 2022 inasiyiratu kupanga galimoto zoyendera petulo yekha, ndipo mu 2025 inagulitsa galimoto za batire zambiri kuposa Tesla. Mkulu wa Toyota uja nayenso sanalakwe, pajatu galimoto imene sungaikonze kwanu si yako. Koma ine ndikuti mkangano wa mainawu ndi wa anthu a ku London ndi ku Oslo. Kuno funso ndi lina.

Tiyambe ndi chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza. Dziko lathu lilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi. Petulo ndi dizilo zimadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo timalipira ndi ndalama zakunja zimene fodya ndi tiyi wathu sakwanitsa kubweretsa. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, woyendetsa galimoto aliyense anaumva ululu wake m'thumba. Magetsi okha ndiwo athu, poti ochuluka amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Galimoto yomwe imamwa madzi a Shire m'malo mwa madola siyoti n'kuinyoza ayi. Ilibenso oilo wa injini woti uzisintha, ilibe mapulagi, ilibe kilachi.

Koma walira mvula walira matope. Ambirife sitigula galimoto yatsopano. Timaitanitsa yogwirapo kale ntchito ku Japan. Choncho yamagetsi imene ingafike pakhomo pa mphunzitsi kapena namwino si Tesla, koma Nissan Leaf yakale. Galimoto imeneyi inayamba kugulitsidwa mu December 2010, ndipo zoyambirirazo, zili zatsopano, boma la America linaziyeza kuti zimayenda makilomita 117 batire ikadzaza. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 300. Tsono batire imakalamba ngati munthu, ndipo ya Leaf yakaleyo ilibe madzi oiziziritsa, motero kutentha kumaifooketsa msanga. Taganizani za ku Nsanje kapena ku Karonga mwezi wa October.

Apa ndi pamene pali ngozi. Galimoto ya petulo ikakhala yotopa umaimva kulira kwa injini ndi kuona utsi. Yamagetsi imaoneka yosalala, imayenda mwakachetechete, pamene batire yake yatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo batire ndicho chiwalo chokwera mtengo kwambiri pa galimoto yonseyo. Banja limene lasunga ndalama zaka zisanu lingathe kupezeka lagula chitsulo chongozungulira pakati pa Limbe ndi Blantyre. Leaf ili ndi timizere 12 patsogolo pa dalaivala tosonyeza mphamvu imene yatsala m'batire. Musanatumize tambala iliyonse, funsani kuti tatsala tingati, ndipo akutumizireni chithunzi. Safunsa anadya phula.

Ena adzati, kodi tingakambe bwanji za galimoto yamagetsi m'dziko la kuthimathima kwa magetsi? Funsoli n'lomveka. Tonse tikukumbuka kuti namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima unatenga chaka ndi miyezi. Komabe galimoto imatchajidwa usiku, anthu atagona, pamene ofuna magetsi achepa. Ndipo dzuwa tili nalo lambiri: ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 amene anatsegulidwa mu 2021. Vuto la magetsi tingathe kulikonza tokha kuno. Mtengo wa mafuta amaupangira kwina ife osafunsidwa.

Inu abale amene mwabwerako kunja, mudzatiuza kuti ku Norway galimoto zatsopano pafupifupi 9 mwa 10 zimene zinagulidwa mu 2024 zinali zamagetsi. N'zoona. Koma Norway inafika pamenepo chifukwa boma linachotsa misonkho kwa zaka zambiri, ndipo nyumba iliyonse ili ndi magetsi. Ethiopia nayo mu 2024 inaletsa kuitanitsa galimoto zazing'ono za petulo ndi dizilo, podalira damu lake lalikulu pa mtsinje wa Blue Nile. Ife tisakopere chimbulimbuli, koma tisagonenso.

Maganizo anga ndi awa. Galimoto yamagetsi iliyonse yolowa m'dziko muno izibwera ndi chikalata chonena mphamvu ya batire yake, kuti tisasanduke dzala la mayiko ena. Masukulu athu a ntchito zamanja ayambe kuphunzitsa anyamata ndi atsikana kukonza galimotozi, poti magetsi ake ndi amphamvu moti angaphe makaniko wosadziwa. Ndipo ngati boma lipeputsa msonkho, liyambire pa minibasi ndi njinga zamoto za akabaza, zimene zimanyamula anthu ambiri ndi kumwa mafuta tsiku ndi tsiku, osati pa galimoto ya bwana yopitira ku ukwati.

Tisaiwalenso kuti ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kwapezeka miyala ya graphite imene imalowa m'mabatire, ndipo ku Kangankunde, ku Balaka, kuli miyala yofunika popanga maginito a mota zake. Zidzakhala zamanyazi dothi lathu likadzayendetsa galimoto za anzathu ife tikadali pamzere ndi zigubu m'manja.

Abambo atatu aja anabalalika thanki itafika, aliyense kuthamangira ku galimoto yake. Palibe mmodzi amene anafunsa kuti batire ikatha adzaigula kuti. Inu mukafunse.