Kadontho Kofupikitsa Ntchito Kasamabise Cholakwa

Aliyense amene analembapo pulogalamu yotenga deta ku GitHub amaidziwa JSON yake: bokosi m'kati mwa bokosi, ndipo m'menemo muli linanso. Kuti mupeze dzina la mwini wa nkhokwe kumene pull request yachokera, mu Python mumadutsa makiyi anayi, head, repo, owner ndi login, iliyonse m'mabulaketi akeake. Mukaphonya chilembo chimodzi, KeyError yakupezani.

Pothawa chintchitochi, ambiri amakuta detayo ndi kalasi, ija amati wrapper class. Mothandizidwa ndi __getattr__, mumangolemba pr.head.repo.owner.login, mwamaliza. Malaibulale monga Box, Munch ndi addict anabadwira zimenezi. Sindingakane, maso amapuma, ndipo mnzanu wodzawerenga mizereyo mawa amaona msanga chimene mumafuna.

Koma chokutira chili ndi misampha yake. Mukafufuza zinthu pa GitHub, zotsatira zimabwera pansi pa kiyi yotchedwa items. Tsoka lake, dikishonale ya Python ili kale ndi items yakeyake, ndipo kalasi yomangidwa pamwamba pake imakupatsani imeneyo m'malo mwa mndandanda mumaufunawo. Kiyi yokhala ndi mpata kapena kamzere pakati nayo sigwirizana bwino ndi kadontho.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi chete. Mukalemba ownr m'malo mwa owner, addict sadandaula. Amangobweza chinthu chopanda kanthu, pulogalamu n'kupitirira ngati zonse zili bwino. Cholakwacho chimakaonekera patali, mwina mu lipoti lomwe latumizidwa kale kwa abwana. KeyError ija timadana nayoyi imakulozani mzere weniweni pomwe zinthu zasokonekera. Ndipo deta imasowadi: munthu akafufuta fork yake, repo imabwera ili null. Apa pamafunika munthu aganize chochita, osati kalasi imeze nkhaniyo mwakachetechete.

Zinenero zina zinaika yankho m'kati mwake. Ruby inabweretsa dig mu 2015, JavaScript inalandira chizindikiro cha ?. mu 2020, pamene ganizo lofanana nalo mu Python, PEP 505, linaimikidwa kaye. Mu Ruby ndi JavaScript wolemba amasonyeza yekha pamene akulola kuti deta isowe.

Pongosuzumira deta kwa ola limodzi, chokutira cha kadontho n'chabwino ndithu. Koma pulogalamu yoti anthu adzaidalire zaka zambiri, ine ndingasankhe Pydantic, yomwe imafuna mutchule maonekedwe a deta ndipo imakana pakhomo pomwe deta yomwe ikusowa zofunika kapena yosatheka kugwirizana nawo.